Tsiku Limene Sanandiitane pa Mlambe

Kuyambira pa Ulongwe mpaka ku Nkaya kunalibe munthu wondiposa pa kunenerera mtengo. Ndinkanena zimenezi poyera m'tiyirumu, anzanga akumva, ndipo palibe ankatsutsa. Foni zosisita ndi chala zija zitayamba kufika m'manja mwa anthu, ndinawonjezera mawu ena. Ndinati kachitsulo kopanda malovu sikangamulande malonda munthu wa pakamwa ngati ine. Anzanga anaseka, ine ndinaitanitsa tiyi wina. Ndikanadziwa, bwenzi nditamwa tiyi wangayo mwakachetechete.

Ntchito yanga inali ya uvendala. Ndinkalowa m'midzi ndi njinga, sikelo ya mbedza ikulendewera pa handulo, kukagula chimanga ndi nandolo, n'kudzagulitsa m'mphepete mwa msewu kwa anthu a m'maminibasi. Mpamba wanga weniweni unali mtunda. Ine ndinkadziwa mmene mtengo wa chimanga wagonera ku Liwonde, mlimi sankadziwa. Mlimi ankadziwa zimene zili m'nkhokwe mwake ndi vuto limene likumuthamangitsa, ine sindinkadziwa. Pakati pa umbuli wakewo ndi umbuli wangawo m'pamene tinkayala mkeka n'kukhala pansi.

Mwa alimi onse, amene ndinkakonda kulimbana nawo anali mkulu wina wa Chisilamu wa kufupi ndi Nkaya. Ndinkangowaitana kuti ambuje, monga achitira Ayao polemekeza wamkulu. Anali ndi dimba m'mphepete mwa mtsinje, choncho chimanga chawo chinkapezeka nthawi imene nkhokwe za ena zayamba kulira. Anali aatali, owonda, a ndevu zoyera ndi kachisoti koyera pamutu. Pakamwa pawo panali pakuthwa kuposa panga, ngakhale zimenezi m'tiyirumu muja sindinkazinena.

Kupita kwawo unali ulendo wa tsiku lathunthu. Njinga inkakwera pamwamba pa matola mpaka pa Liwonde, kenako n'kupalasa motsata njanji, fumbi mpaka m'makutu. Ndikafika, malonje athu anali omwewo chaka ndi chaka.

"Asalaam aleikum, ambuje."

"Aleikum salaam. Akuba a pamsewu adzuka bwanji?"

"Tadzuka bwino. Kaya oweta anankafumbwe?"

Akazi awo, amene ndinkawatcha anganga, ankatulutsa thobwa m'chikho chachikulu. Za chimanga sitinkayamba msanga, kutero kunali kupanda mwambo. Tinkayamba ndi mvula, maliro, mbuzi za aneba, mwana wawo amene anapita ku Joni. Thobwa likatsika m'pamene ndinkafunsa, ngati ndangokumbukira, ngati pali kachimanga kotsalira. Ankatulutsa pang'ono m'lichero. Ine ndinkatapa, kuluma njere imodzi, n'kukwinya nkhope ngati ndaluma tsabola.

"Chimanga ichi chinakololedwa kapena chinavuulidwa mumtsinje?"

"Mano akowo ndi amene avunda. Ndipo sikelo yako ija inabatizidwa liti? Chaka chatha inali yachikunja."

Ankatchula mtengo wokwera mpaka kumitambo, ine ndinkatchula wa pansi pa nthaka. Tinkakokana mpaka mthunzi wa nyumba kusuntha. Kenako pankafika nthawi imene tonse tinkaidikira. Ndinkaimirira, kusasa fumbi pa buluku, kutsazika mwaulemu wa munthu wolakwiridwa, n'kuyamba kukankha njinga.

Pa mapeto pa bwalo lawo, pamene kanjira kamakhotera ku njanji, panali mlambe waukulu. Lamulo lake palibe analinena, koma tonse tinkalidziwa. Vendala akamachoka satembenuka. Mlimi akafuna malonda, amuitane asanadutse mlambe. Akadutsa, malonda afa. Ine ndinkayenda ngati ndikuponda mazira. Ndikayandikira mlambe uja, tcheni cha njinga yanga chinkadwala mwadzidzidzi. Ndinkanjuta n'kumachisisita, makutu ali kumbuyo. Ndiye mawu ankabwera, osakweza, ngati munthu akuitana nkhuku yake.

"Iwe vendala, bwerera kuno, usandichititse manyazi."

Zaka zonse zimene ndinagula kwa ambuje, mlambe umenewo sindinaudutsepo chimanjamanja.

Kenako kunabwera zaka zija mvula inkagwa ngati ikuchita manyazi. Chaka china inadula chimanga chili m'chiuno, minda yonse n'kusanduka udzu wofolera. Chotsatira chake mbozi zinamaliza zimene dzuwa linasiya. Pa msika pathu anthu anasiya kugula matumba, anayamba kugula timbale. Madeya amene kale tinkapatsa nkhuku anakhala ndi mzere wawo.

Ine ndinali ndi matumba angapo, ndipo ena mayi a kunyumba anawapatula kuti ndi a pakhomo, osakhudza. Tsiku lina pa msika panazungulira chithunzi cha pa intaneti. Chinali cha mabogi a sitima odzaza matumba, pansi pake mawu akuti chimanga chochuluka chikubwera kuchokera ku Mozambiki kudzera pa Nkaya, ndipo mtengo ugwa posachedwa. Ine amene ndinkanyoza foni ndinasuzumira pa foni ya mnzanga mpaka mphuno kukhudza galasi. Mavendala tonse tinagwidwa mantha amodzi. Aliyense ankafuna kugulitsa sitimayo isanafike. Ine, poti ndinali wochenjera kuposa onse, ndinagulitsa ndi a pakhomo omwe, kuti ndidzagule ochuluka mtengo ukagwa.

"Bambo a ana, sitimayo mwaiona ndi maso?" anandifunsa mayi a kunyumba, ataima pamene panali matumba paja.

"Ndaona chithunzi."

"Chithunzi amagaya kuchigayo chiti?"

Sitima zinkadutsa ndithu pa Nkaya, zazitali monga mwa masiku onse, koma zitanyamula malasha. Pambuyo pake tinamva kuti chithunzi chija chinali chakale, cha dziko lina. Amene anachiyambitsa sitinamudziwe mpaka lero. Mwina anali munthu wa malole amene anagula matumba athu, mwina anali mlesi wina wosowa chochita. Mtengo sunagwe. Unakwera m'mawa, n'kukweranso madzulo, ndipo ndalama zanga zinkaonda zili m'thumba.

Kunyumba ufa unatha. Tinalowa pa mango aawisi owiritsa, tsiku lina phala la madeya. Ana akuluakulu ankadandaula, ndipo kudandaula ndi chizindikiro cha mphamvu. Amene ankandiopsa anali mtsikana wathu wamng'ono. Anasiya kusewera, anasiya ndi kulira komwe. Ankangokhala pakhonde, mutu atatsamiritsa kukhoma, kuyang'ana nkhuku zikupalasa pouma.

Ndinawauza mayi a kunyumba kuti asade nkhawa, kuli ambuje. Ndinamanga matumba opanda kanthu pa kaliyala, n'kukoleka sikelo pa handulo monga ndinkachitira masiku onse, ulendo wa ku Nkaya.

Ndinawapeza pakhonde. Malonje anali omwe aja, akuba a pamsewu ndi oweta anankafumbwe, koma thobwa kunalibe. Anganga anabweretsa madzi m'kapu. M'dzanja linalo anali ndi foni yosisita, yaikulu ngati chikhatho, imene mwana wa ku Joni uja anawatumizira. Anakhala pa mkeka chapatali, foni ili pamiyendo ngati khanda.

Tinacheza za mvula imene kunalibe. Ndinafunsa za kachimanga kotsalira. Lichero linabwera, chimanga choyera, chouma bwino, chokongola kuposa chilichonse chimene ndinachiona chaka chimenecho. M'kamwa mwanga munadzaza malovu. Ndinaluma njere n'kukwinya nkhope.

Ambuje anatchula mtengo. Sunali wa kumitambo ngati kale, woti tiyambirepo kukokana. Unali mtengo wa ku Limbe wa m'mawa womwewo, umene ine mwini wake ndinali nditangoumva mwa mphekesera pa matola.

"Ambuje, mwayamba kulota masana?"

"Si ine. Ndi uyo." Analoza foni ndi mlomo.

"Pali wa lole akudikira yankho," anatero anganga, osadzutsa mutu. "Wati ndikangodina apa, mawa afika."

"Wa loleyo mumamudziwa? Anamwapo thobwa pakhomo pano?"

"Iyayi, sanamwepo," anayankha anganga. "Komanso sanatukwanepo chimanga changa."

Apa munthu wanzeru akanati, ambuje, kwathu ana akudya mango owiritsa, ndigulitseni thumba limodzi pa mtengo uliwonse. Mawu amenewo anali pakhosi panga. Koma pakamwa panga panazolowera njira imodzi ngati ng'ombe ya pangolo. Ndinati chimanga n'chonyowa. Ndinati anthu a malole amalipira ndi malonjezo. Ndinatchula mtengo wanga wa pansi pa nthaka. Ambuje sanabweze chipongwe. Anangondiyang'ana, n'kuyang'ana akazi awo, n'kuyang'ana pansi. Ine ndinati ndi machenjera atsopano, nkhalamba yaphunzira kukhala chete. Ndinaimirira, kusasa fumbi, kutsazika.

Ndinakankha njinga pang'onopang'ono kuposa masiku onse. Pa mlambe tcheni chinadwala monga mwa mwambo. Ndinachisisita, ndinachichotsa, ndinachibwezera. Ndinamasula mphira wa pa kaliyala n'kumanganso matumba amene anali omangika kale. Ndinatsina matayala onse awiri. Kumbuyo kunali zii. Kenako ndinamva kamawu kakang'ono, osati ka munthu, kaja imalira foni uthenga ukapita.

Ndikanatha kutembenuka. Khosi linali langa. Koma vendala satembenuka, ndipo ine ndinali vendala woposa onse kuyambira pa Ulongwe. Ndinadutsa mlambe, matumba opanda kanthu akukupiza pa kaliyala.

M'mawa mwake mayi a kunyumba anandimvetsera mpaka kumaliza. Sanakalipe. Kukalipa kukanandipepukira.

"Popita munanyamula chiyani?"

"Matumba, mphira, sikelo."

"Sikelo. Wanjala amanyamula thumba, bambo. Sikelo amanyamula ndi wamalonda. Mumafuna akuoneni kuti ndinu ndani?"

Iwo anali ndi kafoni kosweka galasi kamene anawapatsa mchemwali wawo. Ankagulitsa tomato, ndipo anali pa gulu limodzi la pa foni ndi amayi olima ndi ogulitsa ndiwo za kudimba. Anganga analinso pa gulu lomwelo. Ine gulu limeneli ndinkalitcha bwalo la miseche. Anatuluka panja pamene netiweki imagwira, pafupi ndi chulu, anadina n'kuyankhula. Ndinawamva ndili pakhomo.

"Anganga, ndine mayi a kunyumba kwa vendala wanu uja wa ku Ulongwe. Abambowa sananene, koma kuno ufa unatha kalekale. Ana akudya mango owiritsa. Ngati pali kotsala, mutikumbukire."

Basi. Zimene ine ndinalephera kunena tsiku lathunthu, ndi luso langa lonse, iwo anazinena ndi mpweya umodzi.

Yankho linafika masana. Anandipatsa foni kuti ndimve ndekha. Poyamba kunamveka chifuwa, tambala akulira chapatali, kenako ambuje akufunsa akazi awo, "Yayamba kumva? Ndiyankhule?" Ndiye mawu aja anabwera, osakweza.

"Iwe vendala. Akuti wadutsa mlambe. Ine sindinaone, maso anga akalamba. Bwerera kuno, usandichititse manyazi. Ndipo chitsulo chako cholendewera chija uchisiye kunyumba."

Ndinabwerera, handulo ili yopanda kanthu. Pabwalo panali mapazi a matayala a lole, akuluakulu, mpaka pakhomo pa nkhokwe. Chimanga chogulitsa chinali chitapita chonse. Chotsala chinali chakudya cha banja lawo, ndipo pa chimenecho anachotsapo thumba limodzi n'kulitsamiritsa kukhoma.

Ndinakhala pa mkeka.

"Ambuje, bwanji simunandiitane?"

"Ndikuitanire chiyani? Kale ndinkakuitana chifukwa mtengo unali wanga, ndikanatha kuutsitsa. Lero uli pamiyendo pa mayi akowa. Mwana wa ku Joni akuuona, wa lole akuuona, dziko lonse likuuona. Pakamwa ndinatsegula ndithu, koma ndinalibe choti n'kukuuza." Anakanda ndevu. "Nanga iwe bwanji sunatembenuke?"

"Vendala satembenuka."

"Ndiye kuti pabwalo pano panali zitsiru ziwiri."

"Zitatu," anatero anganga ali m'khitchini. "Ine ndinaona kuti lamba wako waboola bowo latsopano, koma ndinati mwina ndi fashoni ya ku Ulongwe."

Ndinalipira mtengo wa mu foni, osatsegula pakamwa, ngati munthu wogula tikiti ya sitima. Ndinayamba kunyamula thumba. Ambuje anaponda pakona pake ndi phazi.

"Ukuthamangira kuti? Foni yanena mtengo. Za basela sinanene."

Basela ndi kaja wogulitsa amakuwonjezera pamwamba malonda akatha, kadzanja kamodzi, kambale kamodzi, kosonyeza kuti mwasiyana bwino. Kalibe mtengo, kalibe sikelo, ndipo pa intaneti sikalembedwa. Ambuje anaitanitsa lichero. Anatapa ndi zala zitatu n'kuthira m'thumba.

"Basela ndi ameneyo."

"Ambuje, amenewo ndi mankhwala a maso kapena chimanga? Nkhuku ikhoza kukusumirani."

"Ukufuna ndikupatse ndi dimba lomwe? Akuba a pamsewu sakhuta."

"Dzanja lanu linali lalikulu kale. Lafota ndi ukalamba kapena ndi foni?"

Tinakokana masana onse pa timanja ta chimanga. Iwo ankathira kadzanja n'kulumbira kuti ndawasiya amphawi, ine ndinkayang'ana m'thumba n'kunena kuti sindikuona kusintha. Maso awo anayamba kuwala ngati kale. Pena ndinaimirira n'kusasa fumbi, iwo anaseka mpaka kutsokomola. Pochoka, basela anali atadzaza kathumba kena kapadera, ndipo anganga anaikamo ndi nandolo. Patapita masiku, mtsikana wathu wamng'ono anayambanso kuthamangitsa nkhuku ndi kulira pa zinthu zopanda pake. Sindinamvepo nyimbo yokoma ngati kulira kumeneko.

Nkhani ya foniyi ndaitembenuza m'mutu zaka zonsezi ngati munthu wosankha nsomba pa msika, ndipo mbali iliyonse ili ndi fungo lake. Ambuje analandira kwa wa lole uja mtengo umene ine sindikanawapatsa ngakhale atandimanga pa mlambe. Anagula pampu ya sola, anasiya kutunga madzi ndi ndowa pa ukalamba wawo. Zimene ine ndinkadya pa mtunda uja zinabwerera kwa mwini khasu, ndipo pamenepo ndilibe mlandu woti ndikadandaule. Komabe lole inachotsa tsiku limodzi chimanga chimene kale chinkatuluka pang'onopang'ono nyengo yonse. Aneba amene ankabwera kudzagwira ganyu kuti alandire kambale anapeza nkhokwe ili pululu. Foni inkadziwa mtengo wa ku Limbe, koma za khomo loyandikana nalo sinkadziwa, pokhapokha wina achite kuiuza. Ndipo kachitsulo komweko kamene kanatinamiza za sitima ndi kamene kananena zoona za ana anga.

Lero ndili nayo foni yanga, yosisita, ndipo mu tiyirumu muja anzanga sanaiwale. Ndikangoitulutsa wina amati, "Achimwene, yayamba kutuluka malovu?" Malonda akuyenda. Mlimi amatumiza chithunzi cha matumba, ine mtengo, iye amayankha kuti zatheka, ndalama n'kudutsa m'mwamba. Miyendo yapuma, matako sakudziwanso chishalo cha njinga. Koma pamatha mwezi osanyoza chimanga cha munthu, osamva wina akunyoza sikelo yanga. Achinyamata ukawatchulira mtengo sakwinya nkhope, amangokuonetsa galasi. Sindikudziwa kuti alimi anga atsopanowa mbuzi zawo zili bwanji, ana awo anapita kuti, thobwa la akazi awo limakoma motani. Pakamwa panga pamakhala ngati khasu la m'chilimwe, lokolekedwa pa denga.

Uthenga wa maliro a ambuje unafikanso pa foni, m'mawa, pa gulu la amayi a tomato lija. Asilamu sagoneka maliro. Kukanakhala kale, ndikanadzamva patapita miyezi, nditafika ndi sikelo yanga n'kupeza khonde lopanda munthu. Koma tsiku limenelo ndinakwera matola, ndinapalasa motsata njanji ngati mnyamata, ndipo ndinafika akunyamula jeneza, chonyamulira maliro cha Asilamu. Anandilola kuikapo phewa pang'ono, ine wa mpingo wina, wakuba wa pamsewu.

Pobwerera ndinatsazika anganga n'kuyamba kukankha njinga. Sindinaganize chilichonse, miyendo inangoyamba yokha kuponda mazira. Nditafika pa mlambe ndinapezeka nditanjuta, ndikusisita tcheni chimene chinalibe vuto, makutu ali kumbuyo. Pabwalo panali anthu ambiri, koma woitana panalibe.

Uthenga wa mawu a ambuje uja mayi a kunyumba anali atautumiza pa foni yanga kalekale. Ndinakhala pa muzu wa mlambe, ndinadina. Chifuwa, tambala, "Yayamba kumva? Ndiyankhule?" Kenako mawu osakweza aja, akundiuza kuti ndibwerere ndisawachititse manyazi. Ulendo uno ndinatembenuka.

Foniyo ndi imene inatseka pakamwa pa ambuje tsiku limene ndinkafunitsitsa kuti andiitane, ndipo ndi yomweyo imene imawasunga akundiitanabe mpaka lero, nthawi iliyonse ndikadina. Ine ndinalumbira m'tiyirumu kuti kachitsulo sikadzandigonjetsa. Ana anga anadya, ambuje anagulitsa bwino, mkeka unapindidwa. Inu amene mwamva nkhani yonse, tandiuzani, pa malonda amenewa anapambana ndani?